MKAKA WA SOYA NDI MAFUPA A ANA ATHU: ZIMENE MABANJA A KU MAJAUA AYENERA KUDZIWA

Mbewu ya soya si yachilendonso m'chigawo cha Zambezia. Inayamba kulimidwa pa munda wa boma wa ku Lioma, m'boma la Gurue, m'zaka za m'ma 1980, koma nkhondo inadula ntchitoyo. Mtendere utabwera mu 1992, makamaka kuyambira m'zaka za m'ma 2000, mabungwe monga World Vision, CLUSA ndi TechnoServe anaitsitsimutsa pakati pa alimi ang'onoang'ono, ndipo inafalikira mpaka kufika m'boma la Milange, limene dera la Majaua ndi gawo lake. Soya wambiri amagulidwa ndi opanga chakudya cha nkhuku, koma wina amatsala pakhomo. Alangizi akhala akuphunzitsa amayi kumukazinga, kumugayitsa pamodzi ndi chimanga kuti akhale ufa wa phala, ndiponso kumufinya kuti atuluke madzi oyera amene timawatcha mkaka wa soya.

Kumidzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Ruo, kumene ng'ombe za mkaka n'zosowa ndipo mkaka wa ufa wa m'sitolo umafuna ndalama zambiri, kaya za metikali kaya za kwacha, luso limeneli ndi lamtengo wapatali. Komabe pali funso limene makolo, agogo olera ana amasiye, ndi amayi ophikira ana a m'sukulu za mkombaphala ayenera kulilingalira mofatsa. Kodi madzi oyerawa amagwira ntchito yonse imene mkaka weniweni umagwira m'thupi la mwana? Pa nkhani yomanga minofu, yankho lake ndi lolimbikitsa. Pa nkhani yomanga mafupa, pali mpata waukulu umene tiyenera kuudziwa ndi kuutseka.

Michere iwiri yomanga mafupa

Fupa limaoneka ngati chinthu chouma, koma ndi lamoyo. Tsiku ndi tsiku thupi limagumula tizigawo takale ta fupa ndi kumanga tatsopano, monga momwe mwini nyumba amakonzera khoma lake chaka ndi chaka. Zipangizo zazikulu za ntchito imeneyi ndi michere iwiri, kashiamu ndi fosifolasi. Munthu wamkulu ali ndi kashiamu wokwana pafupifupi kilogalamu imodzi m'thupi mwake, ndipo magawo 99 pa 100 alionse a kashiamuyo ali m'mafupa ndi m'mano. Fosifolasi ndi wocheperapo, ndipo magawo pafupifupi 85 pa 100 ali m'mafupa momwemo. M'fupa, michere iwiriyi imagwirana ndi kupanga chinthu cholimba chimene muli kashiamu wowirikiza kawiri kulemera kwa fosifolasi.

Kashiamu wotsala, gawo limodzi lija pa 100, amayenda m'magazi ndi m'minofu, ndipo ngakhale ali wochepa chotero, moyo wa munthu umadalira iyeyo. Ndi amene amathandiza mtima kugunda, minofu kukokana ndi kumasuka, mitsempha kutumiza mauthenga, ndiponso magazi kuundana pa bala. Fosifolasi nayenso ali ndi ntchito kunja kwa mafupa, pakuti kachigawo kalikonse ka thupi kamamugwiritsa ntchito posunga ndi kutulutsa mphamvu yochokera ku chakudya.

Mmene thupi limasungira muyeso

Popeza mtima sungadikire kuti mwini wake apeze chakudya chabwino mawa, thupi lili ndi njira yoonetsetsa kuti kashiamu wa m'magazi asatsike. Pakhosi, kumbuyo kwa chithokomiro, pali timinofu tinayi tating'ono ngati njere za mpunga, totchedwa parathyroid. Kashiamu wa m'magazi akayamba kuchepa, timinofu timeneti timatulutsa timadzi tonyamula uthenga kumalo awiri. Ku impso uthengawo umati zisunge kashiamu, zitaye fosifolasi wambiri mu mkodzo, ndiponso zidzutse vitamini D kuti matumbo ayamwe kashiamu wochuluka kuchokera m'chakudya. Ku mafupa uthengawo umati atulutse kashiamu wawo alowe m'magazi.

Mafupa tsono ali ngati nkhokwe. Kutapa m'nkhokwe tsiku limodzi si vuto, koma banja likamatapa miyezi ndi miyezi osathiramo, nkhokwe imatha. Munthu wodya chakudya chochepa kashiamu sadziwa kanthu poyamba, chifukwa magazi ake amakhala bwinobwino, pamene mafupa ake akupepuka mwakachetechete. Fosifolasi akachuluka kwambiri m'chakudya chimene kashiamu alimo wochepa, timinofu ta pakhosi tija timagwira ntchito mopitirira, ndipo kutapa m'nkhokwe kumakula. Tiyenera kunena momveka bwino kuti kwa munthu wa impso zabwino amene akudya kashiamu wokwanira, fosifolasi wa m'chakudya cha masiku onse sapereka vuto. Choopsa kwathu kuno ndi kuchepa kwa kashiamu, pakuti fosifolasi amapezeka wambiri m'chimanga, nyemba, nandolo, mtedza ndi soya yemwe.

Vitamini D amene watchulidwa uja amapangidwa pakhungu likaombedwa ndi dzuwa. Dzuwa tili nalo lokwanira, choncho ana osewera pabwalo kawirikawiri savutika pa mbali imeneyi. Amene tiyenera kuwakumbukira ndi makanda ofunditsidwa nthawi zonse, ana olumala, ndi odwala kapena okalamba amene amakhala m'nyumba masiku ambiri.

Tiyeni tiwerengere pamodzi

Malangizo a mabungwe a WHO ndi FAO a chaka cha 2004 amati mwana wa chaka chimodzi mpaka zitatu amafunika mamiligalamu 500 a kashiamu pa tsiku, wa zaka 4 mpaka 6 amafunika 600, wa zaka 7 mpaka 9 amafunika 700, ndipo mnyamata kapena mtsikana wa zaka 10 mpaka 18 amafunika 1,300, chifukwa imeneyo ndiyo nyengo imene mafupa amakula mofulumira. Munthu wamkulu amafunika 1,000.

Mkaka wa ng'ombe uli ndi mamiligalamu pafupifupi 120 a kashiamu ndi 90 a fosifolasi pa mamililita 100 alionse. Kapu imodzi ya mamililita 250 imapereka kashiamu wokwana 300, kotero makapu awiri amakwaniritsa zofuna za mwana wa zaka ziwiri. Mkaka wa mbuzi sutalikirana ndi wa ng'ombe pa muyeso umenewu.

Nanga mkaka wa soya wofinya pakhomo? Magalamu 100 a soya wouma ali ndi kashiamu wokwana pafupifupi mamiligalamu 270 ndi fosifolasi wokwana pafupifupi 700. Soya wochuluka chotero akaviikidwa, kusinjidwa ndi kusungunulidwa, amatulutsa mkaka wosapitirira kwenikweni lita imodzi. Ngakhale kashiamu yense akanati alowe m'madzimo, mamililita 100 alionse akanakhala ndi mamiligalamu osafika 30. Koma sikuti yense amalowa, pakuti wina amatsalira m'zotsala za pa nsalu yosefera. Mwa ichi kapu imodzi ya mkaka wa soya wa pakhomo imapereka kashiamu wosapitirira mamiligalamu 60 kapena 70, ndipo nthawi zambiri wocheperapo. Kuti mwana wa zaka ziwiri apeze 500 kuchokera mu mkaka umenewu wokha, angafunike kumwa makapu asanu ndi atatu kapena kuposerapo pa tsiku, chinthu chimene mimba ya mwana singathe.

Taonaninso kutembenuka kwa muyeso. Mu mkaka wa m'mawere kashiamu amaposa fosifolasi pafupifupi kawiri, mofanana ndi mmene ziliri m'fupa. Mu mkaka wa ng'ombe kashiamu amaposabe, ngakhale pang'ono. Mu mkaka wa soya wosawonjezera kanthu, fosifolasi ndiye amaposa kashiamu pafupifupi kawiri. Madzi ofinya ku kokonati, amene abale athu a ku Quelimane amaphikira nkhuku ndi mpunga, nawonso ali ndi kashiamu wochepa ndi fosifolasi wochulukirapo. Amakometsa ndiwo ndi kupatsa thupi mafuta, koma mafupa sapindula nawo kwenikweni.

Izi sizikuchotsa ulemu wa soya. Pa zomanga thupi, mkaka wa soya wosasungunula kwambiri uli ndi magalamu pafupifupi 3 pa mamililita 100, zimene zikufanana ndi mkaka wa ng'ombe, ndipo mitundu yambiri ya mkaka wa ku mbewu siifika pamenepo. Wa mpunga uli ndi zomanga thupi zochepa kwambiri. Komanso anthu ambiri akuluakulu a mu Africa amatsegula m'mimba kapena kudzimbidwa akamwa mkaka wa ng'ombe wosasasa, chifukwa matumbo awo sagaya bwino shuga wa mu mkakamo, pamene soya alibe shuga ameneyo. Anthu a ku China akhala akumwa mkaka wa soya kwa zaka mazanamazana. Dokotala Harry Miller, mmishonale wa mpingo wa Seventh-day Adventist, anatsegula fakitale ya mkaka wa soya ku Shanghai mu 1936 pofuna kuthandiza ana osowa mkaka, ngakhale kuti fakitaleyo inaonongeka pa nkhondo mu 1937. Chakudyachi ndi chabwino, chofunika ndi kudziwa malire ake.

Nsima ndi chomangira michere

Pali chinthu china chimene chimakulitsa mpatawu. Mbewu monga chimanga, mapira, nyemba ndi soya zimasunga fosifolasi wawo m'chinthu chotchedwa phytate. Matumbo a munthu sachigaya bwino, kotero fosifolasi wa m'mbewu amalowa m'magazi pang'ono chabe, mwina theka kapena kucheperapo. Choipa chake n'chakuti phytate amagwira kashiamu, ayironi ndi zinki m'matumbo, ndipo gawo lina la michereyi limatuluka osayamwidwa. Ufa wa chimanga pawokha uli ndi kashiamu wosafika mamiligalamu 10 pa magalamu 100, pamene fosifolasi alimo wowirikiza ka 20 kapena kuposa. Mwana amene m'mawa wadya phala la mgaiwa, masana nsima ya nyemba, madzulo nsima ndi kapu ya mkaka wa soya, wakhuta ndithu ndipo wapeza zomanga thupi, koma kashiamu wapeza wochepa kwambiri.

Makolo athu anali ndi njira zofooketsera chomangira chimenechi ngakhale sankadziwa dzina lake. Kuviika mphale, kumeretsa chimera ndi kusasitsa thobwa, zonsezi zimachepetsa phytate. Akatswiri Christine Hotz ndi Rosalind Gibson, amene anagwira ntchito kumidzi ya ku Malawi, anaonetsa mu 2001 kuti kuviika chimanga chokonola ndi kutaya madzi ake kumachotsa pafupifupi theka la phytate. Kuviika soya usiku wonse ndi kutaya madzi oviikira kulinso ndi phindu lake, ngakhale sikuwonjezera kashiamu amene mulibe.

Umboni wa matewe

Kashiamu akasowa kwa nthawi yaitali mwa mwana amene akukula, nsonga za mafupa zimalephera kulimba. Miyendo imapindika polemedwa ndi thupi, mwana amakhala wa matewe kapena mawondo ake amagundana, mfundo za m'manja zimakula, nthiti zimaoneka ndi timabampu, ndipo amachedwa kuyenda kapena amadandaula kupweteka kwa miyendo. Kale madokotala ankakhulupirira kuti matendawa amadza chifukwa chosowa dzuwa basi. Mu 1978 dokotala John Pettifor wa ku South Africa anafotokoza za ana a kumidzi amene ankasewera padzuwa tsiku lonse koma anali ndi matendawa, ndipo anapeza kuti chakudya chawo, chodalira chimanga popanda mkaka, chinali ndi kashiamu wochepa kwambiri. Mu 1999 dokotala Tom Thacher ndi anzake ku Jos, m'dziko la Nigeria, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa ana 123 odwala matendawa, amene ankadya kashiamu wokwana mamiligalamu pafupifupi 200 okha pa tsiku. Ana amene anapatsidwa kashiamu anachira bwino kuposa amene anapatsidwa vitamini D yekha. Mu 2015 gulu lomwelo linaonetsanso kuti ufa wa nsomba zouma zosinjidwa pamodzi ndi minga yake umachiritsa matendawa. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa ife amene usipa ndi matemba timaziona pamsika uliwonse.

Akatswiri a maiko osiyanasiyana anagwirizana mu 2016 kuti mwana woposa chaka chimodzi amene akudya kashiamu wosafika mamiligalamu 300 pa tsiku ali pa chiopsezo cha matendawa, ndipo woposa 500 ndi wotetezeka. Ngakhale m'maiko olemera vutoli laonekapo. Mu 2001 madokotala a ku Atlanta, ku America, analemba za ana awiri aang'ono amene makolo awo anawapatsa zakumwa za ku mbewu m'malo mwa mkaka. Amene ankamwa chakumwa cha mpunga anadwala matenda otupikana, ndipo amene ankamwa cha soya chosawonjezera michere mafupa ake anafooka ndi kupindika. Makolowo sanali osauka kapena osasamala, koma anakhulupirira kuti chilichonse chooneka ngati mkaka chimagwira ntchito ya mkaka.

Sikuti mwana aliyense wopindika miyendo ali ndi matendawa, pakuti ana ambiri amene angoyamba kuyenda amaoneka ndi matewe pang'ono amene amawongoka okha. Koma kupindikako kukamakula mwana atapitirira zaka ziwiri, kapena pakakhala kupweteka ndi kufooka, mutengereni kuchipatala msanga, kaya ku chipatala chaching'ono cha kwanuko, ku chipatala cha boma ku Milange, kapena kutsidya ku Mulanje Mission. Matendawa amachira akapezeka nthawi ikadalipo. Kafukufuku wa boma la Mozambique anapeza kuti mu 2011 ana 43 pa 100 alionse osafika zaka zisanu anali opinimbira, ndipo mu 2022 ndi 2023 chiwerengerocho chinali 37. Kupinimbira kuli ndi zifukwa zambiri, koma chiwerengero chotere chikutiuza kuti mbale ya mwana ikufunika kuyang'anitsitsidwa.

Za m'mapaketi ndi za m'zitini

M'masitolo a m'matauni mumapezeka mkaka wa soya wa m'mapaketi, ndipo wina mwa umenewu opanga amathiramo kashiamu kuti ufike pa muyeso wa mkaka wa ng'ombe. Wina sathiramo. Njira yodziwira ndi kuwerenga zolembedwa pa paketi. Pa katundu wa Chipwitikizi funani mawu akuti cálcio, ndipo pa wa Chingerezi mawu akuti calcium, kenaka onani ngati nambala yake ikuyandikira 120 pa mamililita 100. Kafukufuku wa ku America wa mu 2000 ndi 2005 anaonetsa kuti thupi limayamwa bwino kashiamu wothirayu: mtundu wa calcium carbonate umalowa mofanana ndi wa mu mkaka wa ng'ombe, ndipo wa tricalcium phosphate umalowa mocheperako pang'ono. Kumbukirani kukhutchumula paketi musanathire, chifukwa kashiamu wothira amadikha pansi ngati ufa m'madzi, ndipo wosakhutchumula amataya gawo lalikulu pamodzi ndi paketiyo. Ufa wa phala wa chimanga ndi soya umene umagawidwa m'zipatala ndi pa nthawi ya ngozi, monga zinachitikira namondwe wa Freddy atakantha Zambezia ndi kum'mwera kwa Malawi mu Marichi 2023, umakhala wothira michere kufakitale, kotero umasiyana ndi ufa umene timagayitsa tokha.

Chinthu china chofunika kuchenjera nacho ndi ufa woyera wothira mu tiyi kapena khofi, umene ambiri amangoutchula kuti mkaka. Ufa umenewu umapangidwa makamaka ndi shuga wa ku chimanga ndi mafuta a ku mbewu, ndipo kawirikawiri amathiramo mchere wa fosifolasi kuti usaundane. Zomanga thupi ndi kashiamu zilimo zochepa kwambiri. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Kafukufuku wa ku Laos wa mu 2008 anapeza kuti anthu ambiri ankayesa mtundu wina wa chothira mu khofi mkaka wa ana, ndipo ena ankamwetsa makanda awo. Munthu wamkulu angathire ufawu mu tiyi ngati akuukonda, koma usalowe m'kapu ya khanda ngakhale tsiku limodzi. Dziwaninso kuti fosifolasi wothira kufakitale, monga wa mu ufa umenewu, wa m'zakumwa zakuda zoziziritsa kukhosi ndi wa m'masoseji, amalowa m'magazi pafupifupi yense, mosiyana ndi wa m'mbewu.

Khanda ndi mayi woyamwitsa

Kwa mwana wosafika miyezi isanu ndi umodzi, chakudya ndi chakumwa chake ndi bere lokha. Mkaka wa m'mawere uli ndi kashiamu wokwana mamiligalamu pafupifupi 30 pa mamililita 100, nambala imene ingaoneke yochepa, koma amalowa bwino kwambiri m'thupi la khanda ndipo amadza pa muyeso woyenera impso zake zanthete. Akatswiri otsogozedwa ndi Ann Prentice, amene anagwira ntchito ku Keneba m'dziko la Gambia pakati pa amayi odya kashiamu wochepa, anapeza kuti kupatsa mayi mapiritsi a kashiamu sikunasinthe muyeso wa kashiamu mu mkaka wake. Thupi la mayi limabwereka m'mafupa ake kuti mwana asaperewedwe, ndipo limabwezeretsa mwana akaleka kuyamwa. Choncho mayi asaleke kuyamwitsa poganiza kuti mkaka wake ndi wofooka chifukwa cha umphawi. Chimene banja liyenera kuchita ndi kumudyetsa bwino ndi kumupatsa mpata wokwanira asanatengenso pathupi pena. Amayi amene ali ndi kachirombo ka HIV ndipo akumwa mankhwala awo mokhulupirika amalangizidwanso kuyamwitsa, monga mwa malangizo a WHO a mu 2016.

Nkhani yovuta ndi ya khanda limene mayi wake wamwalira kapena akudwala kwambiri. Apa ndi pamene agogo kapena azakhali, posowa pogwira, angaganize zofinya soya. Mkaka wa soya wa pakhomo suyenera khanda losafika chaka chimodzi m'malo mwa bere, pakuti ulibe kashiamu, mafuta ndi mavitamini okwanira. Umasiyana kotheratu ndi mkaka wa makanda wa m'zitini, ngakhale umene umapangidwa ndi soya, chifukwa umenewo amausakaniza ndi michere yonse pa muyeso wake. Khanda lotere lipite nalo kuchipatala mwamsanga kuti achipatala alangize. Malangizo a WHO a mu 2023 amati mwana wa miyezi 6 mpaka 11 amene sakuyamwa angapatsidwe mkaka wa makanda kapena mkaka wa ziweto, ndipo wa miyezi 12 mpaka 23 apatsidwe mkaka wa ziweto. Mkaka wa ziwetowo uziwiritsidwa nthawi zonse. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mbuzi imodzi ya mkaka yoperekedwa ndi mudzi kapena mpingo ku banja lolera khanda lamasiye ingapulumutse moyo.

Mawu kwa odwala impso

Impso ndizo zimataya fosifolasi wotsala m'thupi. Zikafooka, monga zimachitikira kwa ena odwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi kwa zaka zambiri, fosifolasi amaunjikana m'magazi, vitamini D sadzutsidwa mokwanira, ndipo timinofu ta pakhosi tija timatapa m'mafupa kosalekeza. Mafupa amafooka, pamene kashiamu ndi fosifolasi zimakakhala m'mitsempha ya magazi ndi kuiumitsa. Kwa munthu wotere, mkaka wa soya wosathira kanthu ungakhale wopepukirapo kusiyana ndi wa ng'ombe pa nkhani ya fosifolasi, pamene wa m'paketi wothira mchere wa fosifolasi ungamulemetse. Komabe soya ali ndi mchere wina wotchedwa potaziyamu umene impso zofooka zimavutika kutaya. Mwa ichi wodwala impso asasinthe chakudya kapena kumwa kashiamu wowonjezera popanda uphungu wa dokotala.

Chuma chimene tili nacho kale

Kafukufuku wa mu 2014 wa Edward Joy ndi anzake anayerekezera kuti anthu opitirira theka a mu Africa ali pa chiopsezo chosowa kashiamu. Koma mankhwala a vutoli ambiri ali pafupi nafe. Woyamba ndi nsomba zing'onozing'ono zodyedwa ndi minga yomwe: usipa, matemba ndi kapenta. Magalamu 100 a nsomba zouma zotere amakhala ndi kashiamu woposa mamiligalamu 1,000. Zikazingeni pang'ono, muzisinje osachotsa mitu ndi minga, muzisefe, ndipo muzithira supuni imodzi kapena ziwiri m'phala kapena m'ndiwo za mwana. Chizolowezi chodula mitu ya usipa ndi kuchotsa minga chimataya gawo lenileni limene mafupa akufuna.

Kachiwiri ndi masamba. Mpiru, repu, chigwada chophika bwino, nkhwani, khwanya, luni ndi masamba a cham'mwamba zili ndi kashiamu wochuluka. Wa mu mpiru ndi repu amalowa bwino kwambiri m'thupi, pamene wa mu bonongwe, ngakhale ali wambiri, gawo lina limamangika ndipo sililowa. Mfutso wosungidwa bwino umathandiza m'chilimwe masamba akasowa. Kachitatu ndi mawere, amene ali ndi kashiamu woposa mamiligalamu 300 pa magalamu 100, kuposa chimanga kutalitali. Phala la mawere ndi soya, kapena thobwa la chimera cha mawere, limaposa phala la mgaiwa pa nkhani ya mafupa. Chitowe ndi ufa wa malambe nazonso zimawonjezera. Amene angapeze mkaka wa ng'ombe kapena wa mbuzi koma umawavuta m'mimba ayese chambiko, pakuti kusasa kumachepetsa shuga wovuta uja.

Ngakhale chikhungwa cha dzira la nkhuku, chimene timataya kudzala, chili ndi kashiamu wokwana mamiligalamu pafupifupi 380 pa galamu imodzi, kotero theka la chikhungwa chimodzi likufanana ndi zofuna za munthu wamkulu pa tsiku. Akatswiri amene analemba za njirayi mu 2018 analimbikitsa kuti chikhungwacho chiwire mphindi 30 zonse pamodzi kuti tizirombo tife, ndipo chisinjidwe mpaka kukhala ufa wosalala. Popeza n'kosavuta kupitiriza muyeso, funsani kaye azaumoyo musanapatse ana njira imeneyi.

Pophika mkaka wa soya weniweniwo, viikani soya usiku wonse, tayani madzi oviikira, sinjani bwino, musachulutse madzi, ndipo muuwiritse mphindi 15 kapena 20 kuti zinthu zolepheretsa kugaya chakudya zife. Zotsala pa nsalu musapatse nkhuku zonse. Ziphikeni bwino m'phala, m'zitumbuwa kapena m'ndiwo, chifukwa muli kashiamu ndi zomanga thupi. Amayi ophikira ana pa sukulu za mkombaphala angachite bwino kugawa ntchito motere: soya amange minofu, nsomba zosinja ndi masamba zimange mafupa, ndipo ana azisewera pabwalo dzuwa likuwala.

M'mera mpoyamba. Gawo lalikulu la mafupa amene munthu adzayendere moyo wake wonse limamangidwa asanafike zaka 20, ndipo mtsikana amene wakula ndi mafupa olimba ndiye adzanyamule pathupi, kuyamwitsa ndi kufika ku ukalamba popanda kuthyoka chiuno pa kugwa kwapang'ono. Limani soya, abale ndi alongo, finyani mkaka wake ndipo ana opitirira chaka chimodzi amwe mokondwera. Koma pamene mukugulitsa thumba la soya kapena la nandolo pa msika wa ku Milange kapena ku Muloza, patulani ndalama ya mulu wa usipa, ndipo pakati pa mizere ya m'munda siyani malo a mawere ndi mpiru.